Kodi ndikupemphera, kapena ndikungolankhula ndekha?

Namwino Wausiku:
Moni nonse abale ndi alongo. Pali funso limene landikhala pakhosi kwa nthawi yaitali, ndiye ndati ndilitule pano. Kupemphera ndimapemphera, sindidumphitsa tsiku. Ndisanapite ku ntchito ndimagwada, ndikabwerako ndimagwadanso. Koma mawu ake ndi omwe aja, amangotuluka okha mtima uli kwina. Nthawi zina ndikati "ameni" sindikumbukanso kuti ndanena chiyani. Kodi pemphero lotereli limafika? Nanga lija amati pemphero latanthauzo, limene munthu amadzuka akudziwa kuti walankhula ndi Mulungu, limasiyana pati ndi langali? Chonde musandiuze kuti "limbikirani basi", chifukwa kulimbikirako ndi kumene ndikuchita.

Mnyamata wa Kwaya:
Achemwali, nkhani ndi moto. Pemphero lozizira silipita patali. Imirirani, kwezani mawu, tengani ola lathunthu, mpaka thupi lidziwe kuti muli pankhondo. Zogwada phee n'kumanong'ona zija n'zimene zimabweretsa tulo ndi maganizo oyendayenda.

Gogo Wopuma Ntchito:
Mwana wanga wa kwaya, changu chako ndachikonda, koma tatsegula 1 Samueli mutu 1. Hana anali ku Silo, mtima utasweka chifukwa cha kusabereka ndi chitonzo cha Penina. Anapemphera milomo yokha ikugwedezeka, mawu osamveka, mpaka wansembe Eli anayesa kuti waledzera. Yankho lake kwa Eli ndi limene ndikufuna ulione bwino: anati sanamwe kanthu, koma akukhuthula mtima wake pamaso pa Yehova. Atachoka pamenepo anadya, nkhope yake sinakhalenso yachisoni. Apotu n'kuti asanaime. Samueli anabwera pambuyo, koma china chake chinali chitachitika kale pakati pa mayiyo ndi Mulungu wake.

Tsono kwera pa phiri la Karimeli, 1 Mafumu 18. Aneneri a Baala 450 anafuula kuyambira m'mawa mpaka masana, kuvina mozungulira guwa, kudzitematema mpaka magazi chuchuchu, n'kupitiriza mpaka nthawi ya nsembe ya madzulo. Panalibe wowayankha. Eliya anapemphera mawu oti ungawawerenge mphindi isanathe, moto n'kutsika. Phokoso ndi kutalika zikanakhala muyeso, tsiku limenelo akanapambana ndi a Baala.

Mnyamata wa Kwaya:
Agogo ndamva, koma musaiwale Aheberi 5:7. Yesu mwiniwake anapemphera ndi kulira kwakukulu ndi misozi. Batimeyo wakhungu anafuula, anthu n'kumukalipira, iye n'kuwonjezera, Yesu anaima. Pa Machitidwe 4 okhulupirira anakweza mawu pamodzi, malo aja n'kugwedezeka. Ndiye si onse ofuula amene ali a Baala.

Gogo Wopuma Ntchito:
Wanena zoona, sindikutsutsa ayi. Batimeyo anafuula chifukwa anali wakhungu ndipo ankafunitsitsa kuona. Mfuu wake unali ndi kochokera. Chimene ndikukana n'kuganiza kuti kukweza mawu kungalowe m'malo mwa mtima. Mlongo wathuyu akhoza kufuula ola lonselo mtima ukadali kwina, n'kubwera pano ndi funso lomweli.

Mkulu wa Mpingo:
Mayi, poyamba ndikulimbitseni mtima. Munthu amene zikumupweteka kuti pemphero lake lauma ndiye kuti akumufunabe Mulungu. Amene anataya kale sadandaula.

Pa Mateyu 6, Ambuye asanatipatse Pemphero la Ambuye, anachenjeza za mapemphero awiri. Loyamba ndi la achinyengo, oima m'masunagoge ndi m'mphambano kuti anthu awaone. Amenewa akulankhula ndi anthu, dzina la Mulungu angoliika pamwamba. Lachiwiri ndi la anthu akunja, amene amayesa kuti amvedwa chifukwa cha kuchuluka kwa mawu. Amenewa akulankhula ndi mulungu wovuta, wofunika kumutopetsa kaye kuti atulutse kanthu. Onse awiri alakwitsa chinthu chimodzi: sakudziwa amene ali patsogolo pawo. Mankhwala amene Yesu anapereka ndi mawu oti "Atate wako". Lowa m'chipinda, tseka chitseko, Atate wako ali komweko. Atate wanu akudziwa zimene mukusowa musanapemphe.

Tiyerekeze banja limene mwamuna ndi mkazi amalankhulana tsiku lililonse, koma nkhani yake ndi yokhayokha: chakuti chatha, mwana akufuna chakuti, mawa musaiwale chakuti. Sanakhalepo chete, koma pakapita zaka amadzazindikira kuti sadziwana. Mapemphero athu ambiri afika pamenepo. Timapereka mndandanda wa zosowa, n'kudzuka. Zimene zikutiopsa, zimene tikuchita nazo manyazi, munthu amene tamusungira chakukhosi, zonsezo timazisiya panja pa chitseko.

Ndiye mayi, ndikufunseni. Pa zimene munanena m'pemphero lanu lomaliza, ndi ziti zimene zinalidi pamtima panu tsiku limenelo?

Namwino Wausiku:
A mkulu, funso limenelo landibaya. Pamtima panga panali wodwala wina wachichepere amene tinalephera kumupulumutsa usiku umenewo. Ndinali wotopa komanso wokwiya. Koma m'pemphero ndinangothokoza chifukwa cha tsiku labwino ndi kupempha chitetezo. Ndimaona ngati kumuuza Mulungu kuti ndakwiya ndi kupanda ulemu.

Mlendo Padziko:
Ndilowererepo. Ine chimandivuta ndi vesi lomwelo. Ngati Atate akudziwa kale, ndiye tikumuuziranji? Chimene akufuna kuchita achitabe, tipemphere tisapemphere.

Mkulu wa Mpingo:
M'bale, funso limenelo ndi lakalekale. Cha m'ma 412, Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analembera kalata mayi wamasiye wolemera dzina lake Proba, amene anathawa ku Roma mzindawo utagwa mu 410. Mayiyo anafunsa za kapempheredwe. Augustine anamuyankha kuti sitipemphera kuti timudziwitse Mulungu zimene sakuzidziwa. Iye akufuna kuti khumbo lathu likule popemphera, kuti tikhale ndi malo olandirira zimene wakonza kutipatsa. Ananenanso kuti kuchulukitsa mawu ndi kwina, kukhalitsa ndi mtima wofunitsitsa ndi kwinanso, ndipo kawirikawiri pemphero limayenda ndi kubuula koposa ndi mawu.

Koma ndisakusiyeni mukuganiza kuti pemphero limangosintha ife basi. Yakobo 4:2 akuti mulibe chifukwa simupempha. Mose anapembedzera Aisraeli atapanga mwana wang'ombe wagolide, ndipo sanawonongedwe. Hezekiya anauzidwa kuti akonze za nyumba yake chifukwa amwalira, anatembenukira kukhoma n'kulira, anawonjezeredwa zaka 15. Mulungu anasankha yekha kuti zinthu zina azichita kudzera m'kupempha kwa ana ake. Mmene zimenezi zimalumikizirana ndi kudziwiratu kwake, Akhristu akhala akukambirana zaka mazanamazana. Chimene chili poyera n'chakuti Yesu amene anati Atate akudziwa, ndi yemweyo anadzuka m'mamawa kukadali mdima kupita kwayekha kukapemphera, Maliko 1:35, ndiponso anachezera usiku wonse paphiri asanasankhe atumwi 12.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu:
Ndibwerere kaye kwa achemwali anamwino, pa mawu aja oti "omwe aja". Ndikuopa kuti tingachoke pano tikuganiza kuti kubwereza mawu ndiye tchimo. Ayi. Ku Getsemane, Mateyu 26:44 akuti Yesu anapita kachitatu nanena mawu omwewo. Masalimo 150 onse ndi mapemphero olembedwa, ndipo Yesu ali pamtanda anapemphera ndi mawu a Salimo 22 ndi a Salimo 31. Pa ululu woopsa chotero sanapeke mawu atsopano, anatenga amene anali kale mumtima mwake. Chikalata china cha Akhristu oyambirira, chotchedwa Didache, chimalangiza kunena Pemphero la Ambuye katatu pa tsiku.

Vuto si kukalamba kwa mawu. Vuto ndi liwiro. Mu 1535 Martin Luther analembera bwenzi lake lomumeta tsitsi malangizo a kapempheredwe. M'menemo anadandaula kuti Pemphero la Ambuye ndiye lozunzidwa kwambiri pa dziko lapansi, chifukwa aliyense amalithamangitsa osaliganizira. Njira yake inali yotenga chiganizo chimodzi n'kukhala nacho. Pa Malamulo Khumi ankadzifunsa zinayi: pano Mulungu akundiphunzitsa chiyani, ndimuthokoze pa chiyani, ndilape chiyani, ndipemphe chiyani. Ndipo anati ukaona kuti Mzimu wayamba kukulalikira mumtima pa chiganizo chimodzi, siya zotsalazo, umvetsere.

Tayesani ndi "mutipulumutse kwa woipayo", kapena "kufuna kwanu kuchitidwe", usiku ngati umene mwatchulawo. Imani pomwepo, muikemo nkhope ya wodwala uja. Mudzaona kuti mawu akale aja ali ndi malo okwanira zonse zimene mwasenza.

Mnyamata wa Kwaya:
Aphunzitsi, koma zowerengazi sizimuletsa Mzimu?

Mphunzitsi wa Sande Sukulu:
Achimwene, nyimbo zimene mumaimba ku kwaya munazipeka pompo pa guwa? Munaziphunzira, mumazibwereza, koma tsiku lina mumaimba mpaka misozi. Komanso amene amati amapemphera zochokera mumtima, tamverani bwino, ambiri ali ndi mawu awoawo amene sasintha chaka ndi chaka. Kuloweza kulipo mbali zonse ziwiri. Paulo pa 1 Akorinto 14:15 anati adzapemphera ndi mzimu, adzapempheranso ndi nzeru.

Bambo Wamasiye:
Ndakhala ndikungowerenga pa gulu pano osalemba, koma lero ndilembe. Mkazi wanga anadwala nthawi yaitali. Ndinapemphera njira zonse zimene mwatchulazi. Mofuula, mwachinunu, kusala kudya, kuchezera. Mawu sankachita kusowa, ndipo mtima wonse unali momwemo. Anamwalira. Pamaliro munthu wina wopemphera anandikokera pambali n'kundiuza kuti chikhulupiriro changa chikanakhala chokwanira, mkazi wanga bwenzi ali moyo. Kuyambira pamenepo ndikagwada pakamwa pamangouma. Kutchalitchi ndimapita chifukwa cha ana. Ndiye mukamati pemphero latanthauzo ndi lochokera pansi pa mtima, langa lija linali chiyani?

Woyang'anira Gulu:
Pepani kwambiri bambo. Abale, ndikupempha kuti pa nkhani iyi tiyankhe modekha, aliyense aganize kaye asanalembe.

Gogo Wopuma Ntchito:
Pepa mwana wanga, pepa. Mawu amene anakuuzawo anali olakwika, ndipo ndikunena mosazungulira. Anakusenzetsa mtembo wa mkazi wako ngati mlandu. Mulungu sanakupatse katundu ameneyo.

Werenga Machitidwe 12. Herode anapha Yakobo, m'bale wake wa Yohane, ndi lupanga. Kenaka anagwira Petro. Mpingo unapemphera kolimba, mngelo anamutulutsa Petro m'ndende. Mpingo womwewo, mfumu yomweyo, mutu womwewo wa Baibulo: wina anaphedwa, wina anatuluka. Ndipo taona chikhulupiriro cha amene ankapempherera Petro. Atagogoda pakhomo, mtsikana Roda n'kukawauza, iwo anamunena kuti wapenga. Ngati yankho likanadalira chikhulupiriro chopanda banga, Petro akanafera m'ndende.

Davide anasala kudya, anagona pansi masiku 7 kupempherera mwana wake, mwanayo anamwalira. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu ambiri kudzera mwa iye, anamusiya Trofimo akudwala ku Mileto. Iye mwini anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, yankho linali lakuti chisomo changa chikukwanira. Ndani angaime n'kunena kuti Paulo analibe chikhulupiriro?

Mayi wa Mapembedzero:
Pepani bambo, Ambuye akutonthozeni. Amene anakuuzani zija pamaliro sanachite bwino. Komabe abale, tisafike pofewetsa Mawu mpaka kuwachotsa mphamvu. Maliko 11:24 akuti zilizonse mukapempha, khulupirirani kuti mwalandira. Yakobo 5 akuti pemphero la chikhulupiriro lidzapulumutsa wodwala. Ine ndaona anthu ambiri akubisala kumbuyo kwa "ngati n'kufuna kwanu" chifukwa sayembekezera kanthu kwa Mulungu. Amapemphera atagonja kale. Limenelonso si pemphero latanthauzo.

Mkulu wa Mpingo:
Mayi, chenjezo lanu ndalilandira. Lilipodi pemphero laulesi limene limavala chovala cha kudzichepetsa. Mkazi wamasiye wa pa Luka 18 sanapite kwa woweruza kamodzi n'kunena kuti zili kwa inu. Anabwerabwera mpaka mlandu wake unaweruzidwa, ndipo Yesu ananena fanizolo kuti tizipemphera osafooka.

Koma tiyeni tikhale ku Getsemane pang'ono, chifukwa palibe pemphero loposa limenelo. Maliko 14:36 ali ndi zinthu zinayi m'mpweya umodzi. Abba, Atate: ubale. Zinthu zonse n'zotheka kwa Inu: chikhulupiriro chonse. Mundichotsere chikho ichi: pempho lolunjika, losabisa. Koma si chimene ndifuna ine, koma chimene mufuna Inu. Yesu sanalumphe chachitatu kuti afike msanga pa chachinayi. Anapemphadi kuti chikho chichoke, katatu, thukuta likugwa ngati madontho a magazi monga Luka akunenera. Chikho sichinachoke. Ndipo m'bale wathu wa kwaya anatchula Aheberi 5:7. Vesi lomwelo limati anamvedwa. Anamvedwa, koma njira ya yankho inadutsa pamtanda ndi m'manda.

Sadrake, Mesake ndi Abedinego anagwira ziwirizi pamodzi pamaso pa Nebukadinezara: Mulungu wathu akhoza kutilanditsa, koma ngakhale asatero, fano lanu sitiligwadira. Chikhulupiriro chawo chinali mwa Mulungu mwiniwake, osati m'zotsatira. Ndipo 1 Yohane 5:14 amayika malire omwewo, kuti atimvera tikapempha monga mwa kufuna kwake. Maliko 11:24 tiziwerenga pamodzi ndi Maliko 14:36, chifukwa anawalankhula ndi munthu mmodzi, m'sabata imodzi.

Bambo, pemphero lanu lija linali lenileni. Linali la mtundu wa ku Getsemane.

Mayi wa Mapembedzero:
Pa Getsemane sindingatsutse. Changa n'chakuti tisasiye kupempherera odwala molimba mtima.

Mkulu wa Mpingo:
Tisasiye ndithu. Ndipo akamwalira, tisasandutse otsala kukhala olakwa.

Bambo Wamasiye:
Zikomo nonse. Zimene mwalembazi m'mutu zikulowa. Koma ndikunena zoona, mumtima ndili ndi mawu oti ndikamuuza Mulungu, ndikuopa kuti ndichimwa.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu:
Bambo, apa nkhani yanu yakumana ndi ya achemwali anamwino, amenenso anati kuuza Mulungu kuti wakwiya ndi kupanda ulemu. Ndikupempheni nonse awiri muwerenge Salimo 88. Masalimo ambiri odandaula amatembenuka chakumapeto n'kuyamba kutamanda. Limeneli silitembenuka. Wolemba akuti ndafuulira kwa Inu usana ndi usiku, mwandiika m'dzenje lakuya, mwandichotsera okondedwa ndi abwenzi, ndipo limathera mumdima. Mulungu analola kuti pemphero limenelo likhale m'buku la nyimbo za anthu ake. Salimo 13 limafunsa "mpaka liti" kanayi motsatizana. Habakuku anayamba buku lake ndi kufunsa kuti adzafuula mpaka liti osamvedwa. Yeremiya pa mutu 20 anafika ponena kuti Yehova wamunyenga.

Ndiye pali Yobu. Anzake atatu analankhula zaulemu zokhazokha zokhudza Mulungu, kumuteteza, kumufunira Yobu tchimo lobisika, monga anakuchitirani munthu uja pamaliro. Yobu analankhula zowawa, koma ankalankhula kwa Mulungu. Kumapeto, pa Yobu 42:7, Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzake awiri kuti sananene zoona za Iye monga mtumiki wake Yobu, ndipo anawatuma kwa Yobu yemweyo kuti akawapempherere.

Kusiyana kwa kudandaula kwa Masalimo ndi kung'ung'udza kwa m'chipululu kuli apa: Aisraeli ankang'ung'udza m'mahema mwawo, kumunena Mulungu kumbali. Davide ankapita nazo pamaso pake. Marita ndi Mariya onse awiri anamuuza Yesu maso ndi maso kuti mukanakhala kuno mlongo wathu sakanamwalira. Sanawakalipire. Analira nawo.

Gogo Wopuma Ntchito:
Ndiwonjezere kamodzi, mwana wanga. Ngati mawu sakutuluka, usawakakamize. Aroma 8:26 akuti sitidziwa kupemphera monga kuyenera, koma Mzimu mwini amatipempherera ndi mabuulo osatheka kuneneka. Khala pansi, unene kuti "Atate, ndabwera, ndilibe mawu." Ukhale pomwepo. Ukatha kuwerenga Salimo, werenga mokweza, likhale pakamwa pako. Ukalephera, ena akunyamule, monga anthu anayi aja ananyamula wofa ziwalo n'kumutsitsira padenga. Baibulo limati Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Ine ndiyamba usiku uno kukutchula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, chilonda chotere sichipola msanga.

Bambo Wamasiye:
Zikomo agogo. Salimo 88 ndaliwerenga pompano. Sindinkadziwa kuti m'Baibulo muli mawu oterewa. Ndiyamba ndi limenelo.

Namwino Wausiku:
Inenso ndaliwerenga. Koma ndili ndi lina laling'ono. Ntchito yanga simandipatsa mpata wokhala phee nthawi yaitali, ndipo ndikafika kunyumba maso amakhala atalemera. "Pempherani kosaleka" ndingakukwanitse bwanji?

Mkulu wa Mpingo:
Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta. Mfumu itamufunsa kuti ukufuna chiyani, Nehemiya 2:4 akuti anapemphera kwa Mulungu wakumwamba, n'kuyankha mfumuyo. Pakati pa funso ndi yankho, ali pa ntchito yake. Petro akumira anangoti "Ambuye, ndipulumutseni." Wamsonkho m'Kachisi anati "Mulungu, mundichitire chifundo ine wochimwa", ndipo ndi iye anapita kwawo wolungamitsidwa, osati Mfarisi amene anawerengera Mulungu kusala kwake kawiri pa sabata ndi chakhumi chake. Augustine m'kalata ija anatchulanso abale a ku Egypt amene ankapemphera pafupipafupi koma mwachidule kwambiri, kuti tcheru cha mtima chisazilale.

Ndiye mukamalowa m'chipinda cha wodwala, mukamasamba m'manja, mukamadikira dokotala, mawu atatu kapena anayi oona ndi pemphero lathunthu. Komatu onani kuti pemphero lalifupi la Nehemiya lili ndi mizu pa mutu 1, pamene anakhala masiku akulira, kusala ndi kuulula machimo a mtundu wake. Danieli naye anali ndi udindo waukulu mu ufumu, koma anali ndi nthawi zake zitatu pa tsiku zimene ngakhale lamulo la mfumu silinazisunthe. Mapemphero a m'njira amadya kuchokera ku nthawi yoikika. Nthawiyo isakhale yaitali ngati simungathe, koma ikhale pamene muli maso, osati zotsalira za tsiku.

Mlendo Padziko:
Nanga zoti pemphero ndi kukambirana? Ine sindinamvepo liwu. Ena amati "Mulungu wandiuza" tsiku lililonse, mpaka ndimadziona ngati ndine wogontha.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu:
Simuli wogontha achimwene. Malo oyamba amene Mulungu amalankhula ndi m'Mawu ake, n'chifukwa chake pemphero lopanda Baibulo limasanduka kudzimvera wekha. Werengani ndime yaifupi musanayambe kupempha, muyankhe zimene mwawerengazo. Mukatero Iye ndiye wayamba kulankhula, inu mukuyankha. Kenaka khalani chete pang'ono. Nthawi zambiri chimene chimabwera si liwu la m'khutu, koma chikumbumtima chimene chakhudzidwa: dzina la munthu woti mukamupepese, ngongole yoti mubweze, chinthu choti musiye. Ndipo chilichonse chimene munthu akuti wauzidwa chiyesedwe ndi Malemba, monga 1 Yohane 4:1 akunenera. Mulungu sangakuuzeni mseri zotsutsana ndi zimene ananena poyera.

Gogo Wopuma Ntchito:
Aphunzitsi mwakhudza chimene chinatsala. Tonse takamba za mawu, phokoso, nthawi. Koma nthawi zina pemphero limauma chifukwa pali chimene Mulungu anatiuza kale, ife n'kukana. Yesaya 1:15, Mulungu akuti ngakhale muchulukitse mapemphero sindimva, manja anu adzaza magazi. Funani chilungamo, weruzirani ana amasiye, muimirire akazi amasiye. Petro akuuza amuna kuti azikhala ndi akazi awo mwaulemu kuti mapemphero awo angaletsedwe. Mwamuna wozunza mkazi wake n'kukachezera kuphiri akudzinamiza. Ndipo Yesu pa Mateyu 5 akuti ukafika ndi mphatso yako pa guwa n'kukumbukira kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, isiye pomwepo, pita ukayanjane naye kaye.

Sindikunena izi kwa bambo amasiye aja, ndimveke bwino, kapena kunena kuti kuuma kulikonse ndi tchimo. Kutopa kulipo, chisoni chilipo, ndi nyengo zina zimene Mulungu amangokhala ngati wabisala. Koma aliyense adzifunse yekha.

Mnyamata wa Kwaya:
Agogo, apa ndiye mwandigwira. Pali mnzanga amene sitilankhulana, tinayambana pa nkhani ya ndalama. Timaima mzere umodzi poimba. Koma wolakwa ndi iyeyo, osati ine. Ndiyambe ndine?

Gogo Wopuma Ntchito:
Uyambe ndiwe. Pa Mateyu 5 akuti ngati m'bale ali nawe chifukwa, pita. Pa Mateyu 18 akuti ngati m'bale wakuchimwira, pita, mukakambirane awiri. Mbali zonse ziwiri wopita ndi iwe amene wamva Mawu. Ndipo vesi lija la mayi wa mapembedzero, Maliko 11:24, lotsatira lake limati mukaimirira kupemphera, khululukani ngati muli ndi kanthu ndi munthu. Timakonda kuloweza 24 n'kusiya 25.

Mayi wa Mapembedzero:
Zoona agogo. Komanso m'Pemphero la Ambuye lonse, pempho limene Yesu anabwereranso kulifotokoza atamaliza ndi la kukhululuka lomweli, Mateyu 6:14 ndi 15.

Mnyamata wa Kwaya:
Nanga ndikapita iye n'kukana? Kapena n'kuyesa kuti ndasiya nkhani ya ndalamayo?

Mkulu wa Mpingo:
Kukhululuka sikutanthauza kunama kuti palibe chinachitika. Nkhani ya ndalamayo ukainene momveka, ndi mtima wofuna kumubweza m'bale wako, osati kumugonjetsa. Akakana, Mateyu 18 akuti ubwerenso ndi mmodzi kapena awiri. Akakanabe, Aroma 12:18 akuti ngati n'kotheka, monga momwe mukhoza inu, khalani mwamtendere ndi anthu onse. Mbali yako udzakhala wachita. Usanapite, yamba wamupempherera pomutchula dzina, ndipo umupemphere zabwino zenizeni, zimene ungadzipemphere wekha. Masiku oyamba pakamwa padzalemera. Ukapite sabata ino, lisanafike tsiku loti muimenso limodzi.